Auzeni Akazi Anu

Pa fakitale ya mabulangete panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse, kuyambira alonda a pageti mpaka abwana a ku ofesi ya pamwamba, ankangoti Anachipande, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri chipande cha ku kantini sichinachoke m'manja mwawo. Belu la masana likalira, anthu mazana awiri ankafola ndi mbale zawo, ndipo mayiwa ankadziwa pakamwa pa aliyense. Uyu sadya tsabola, uyu ali ndi matenda a shuga, uyu amabwera kawiri n'kumanama kuti sanalandire.

"Iwe, mbale imeneyo ili noninoni ndi mafuta, ukufuna kunamiza ndani? Choka apa!"

Anthu ankaseka, wonamayo n'kuchoka ndi kanyama kowonjezera.

Anthu mazana awiri kunyambita zala tsiku ndi tsiku. Koma pakamwa pamodzi pokha, pamene anapayamwitsa okha mpaka mano kumera, panali patakana chakudya chawo. Mwana wawo wachisamba, mwamuna wa zaka makumi atatu amene anthu a mumsewu mwawo ankamutchulabe kuti Aphunzitsi, anali asanalawe ngakhale madzi ochokera m'manja mwa mayi ake kwa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Ankadya zophika bambo ake basi.

Bambo ake! Apa ndi pamene pankawawa. Bambowa ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi siteji ya basi. Munthu wabwino, inde, wosamwa, wosamenya, wolankhula mawu khumi patsiku. Koma kukhitchini ankadziwako chiyani? Mpunga wawo pansi wopserera, pamwamba wosapsa, pakati phala. Dzira ankalikazinga mpaka lizigogoda pambale.

"Likakukanikani kutafuna musataye," ankatero Anachipande, "mukakhomere nsapato ya kasitomala."

Ndiye dzira limenelo mwana wawo ankalidya lonse, n'kupukuta mbale ndi buledi.

Matenda a mwana wawo anayamba mwakachetechete ngati chiswe. Mwanayu ankaphunzitsa masamu ku sekondale, munthu wa tayi, wa choko m'zikhadabo, amene mayi ake ankamutchula katatu pa macheza alionse. Anayamba kutseka mawindo masana, dzuwa likuswa mtengo. Kenako anaphimba galasi la kuchipinda kwake ndi thawulo. Kenako anati wailesi ikumunena, ndipo pali anthu awiri osaoneka, mwamuna ndi mkazi, amene amalankhula kuseri kwa khutu lake osapuma, kumuuza kuti wina akufuna kumudyetsa poizoni.

Anachipande anasala kudya, anaitana azimayi a kutchalitchi, anapemphera mpaka mawondo kuda. Mulungu anayankha, koma podzera khomo limene iwo sankaliyang'ana, la kuchipatala. Dokotala anatchula dzina lalitali, sikizofireniya, limene mayiwa analiyesa katatu n'kulisiya. Iwo ankangoti matenda a mawu. Mwana anagonekedwa milungu isanu ndi umodzi, n'kutuluka ndi mapiritsi oyera oti azimwa tsiku lililonse.

Mapiritsiwo ankagwira ntchito, koma ankamulemeretsa lilime, kumuumitsa khosi, kumugonetsa ngati mwala. Patangotha mwezi anati, "Ndachira, sindimwanso." Bambo ake anati tidikire tsiku la kuchipatala tikawauze adokotala, mwina asinthe mankhwala. Mayi ake anawerenga pakalendala, anapeza kuti kwatsala milungu itatu, ndipo mwana anali atayamba kale kuliyang'anitsitsa thawulo lija. Ndiye anachita zimene ankachita iye ali wamng'ono akakana mankhwala. Anaphwanya piritsi ndi kumbuyo kwa supuni, kuthira mu tiyi, shuga masupuni atatu, mkaka wambiri.

Masiku asanu ndi anayi zinayenda bwino. Tsiku lakhumi ankachedwa kuntchito, sanatakase mokwanira. Mwana anamwa, anayang'ana pansi pa kapu, anapisamo chala n'kulawa.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Kumeneko kunali komaliza kumva mawu oti Amayi kuchokera pakamwa pake.

"Ndi mkaka waufa, bambo. Sunasungunuke."

"Mkaka suwawa."

"Ndikunena pamaso pa Mulungu, palibe chimene ndathiramo."

Mayi wa Baibulo lothaitha ndi kuwerenga anaika Mulungu pa bodza, m'mawa wa Lachinayi, atavala epuloni. Mwanayo anaika kapu pansi pang'onopang'ono, analowa kuchipinda n'kukankhira bedi pachitseko. Patatha masiku atatu anabwerera kuchipatala, ulendo uno miyezi iwiri. Bambo ake okha ndi amene anauzidwa za piritsi lija, ndipo anauzidwa atalumbiritsidwa kuti asadzanene.

Kuchipatala anamusinthira mankhwala n'kumuika pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi, ndipo ameneyu anamuyanja. Zinthu zinayamba kubwerera, chimodzichimodzi, ngati nkhuku madzulo. Kusamba kunabwerera. Kumeta ndevu kunabwerera. Mawu aja sanatheretu, koma iye ankati tsopano amamveka ngati wailesi ya kwa aneba. Kusukulu sanabwerere, koma anayamba kupita ndi bambo ake kukhonde kuja, kumadula masoli ndi rula, molondola moti makasitomala anayamba kunena kuti adule ndi Aphunzitsi. Ngakhale kuseka kunabwerera.

Zinthu ziwiri zokha sizinabwerere. Chakudya cha mayi ake, ndi dzina lawo.

Sankawatukwana, ayi. Sankawamenyetsera chitseko. Bola akanatero, munthu umadziwa poyankha. Iye ankangolankhula ndi bambo ake, mayi ake ali pomwepo, mtunda wa dzanja limodzi.

"Bambo, auzeni akazi anu kuti malaya anga ndichapa ndekha."

"Bambo, auzeni akazi anu kuti asiya mpopi ukudontha."

Akazi anu! Ngati mkazi wopezamo, wobwera dzulo ndi chikwama chake.

Khitchini yawo yomwe, imene anaikolopa zaka zonsezi, inagawika pakati. Pa shelefu ya kumanzere panali bokosi lachitsulo la loko, m'kati muli mchere, shuga, masamba a tiyi, kapoto kamodzi, kapu imodzi ndi supuni ziwiri. Kiyi ankakhala pa chingwe m'khosi mwa bambo ake. Madzulo aliwonse Anachipande ankaphika zawo msangamsanga n'kutuluka, amuna awiriwo n'kulowa. Iwo ankakhala pabalaza, Baibulo lili pamiyendo, khutu lili kukhitchini. Ankamva mafuta akulira mopitirira, fungo lopserera likubwera, kenako kuseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba.

"Mumaseka chiyani kumene kuja?" anafunsa tsiku lina mwana atatuluka.

"Palibe."

"Anthu akuluakulu kuseka palibe?"

"Anyezi anagwera pansi."

"Anyezi kugwa n'zoseketsa? Ine ndagwetsa anyezi zaka makumi atatu m'nyumba muno, palibe anasekapo."

Mwamunayo anangokanda dazi lake. Chimenechi ndi chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri, kuti munthuyu sankanyada n'komwe. Akanakhala wodzitama, akanakangana naye bwinobwino. Koma iye ankangoyenda ndi kiyi m'khosi ngati wavala chinthu wamba.

Tsiku la jakisoni ankapita onse atatu. M'basi bambo ndi mwana mpando umodzi, mayi kumbuyo, pafupi ndi munthu wonyamula matayala. Pabenchi la kuchipatala chimodzimodzi. Nesi wake anali mtsikana wochepa thupi, wobadwa dzulodzuloli, wa mawu ofewa. Anamubaya, anamufunsa za tulo, za mawu aja, za kulemera kwa thupi, n'kulemba tsiku lobweranso. Mwanayo akutsitsa mkono wa malaya anati:

"Zikomo amayi."

Anachipande anamva ngati jakisoni uja wabayidwa iwo. Amayi! Kamtsikana kosamusambitsapo ngakhale kamodzi, kosadziwa kuti chipsera cha pabondo lake chinabwera bwanji, kangolandira dzina lawo ulele, n'kuyankha kuti zikomo, wotsatira alowe. Kunyumba anati nesi uja ali ndi dzanja loipa, amabaya ngati akukhoma msomali.

"Iye akuti samva kuwawa," anatero mwamuna wawo.

"Ndiye mukwatireni nesiyo, muzikhala atatu."

Malo awo opempherera anali kusitolo ya kantini, pakati pa matumba a mpunga ndi zigubu za mafuta, anthu akatha kudya. Kumeneko ankalankhula ndi Mulungu mosapita m'mbali.

"Ambuye, Inu mumaona zam'kati, ndiye kubisa n'kutaya nthawi. Ndikuchita nsanje. Akazi anzanga amachita nsanje ndi atsikana a kumsika, ine ndikuchita nsanje ndi mwamuna wanga yemwe, wadazi, wonunkha guluu. Ndinakupemphani kuti mundidzutsire mwana, mwamudzutsa, zikomo. Koma mwamudzutsira munthu wina. Pamene ndinkabuula masiku awiri kuchipinda choberekera, munaonako wosoka nsapato kumeneko? Anali pakhonde, akudya nthochi. Si ine wokuphunzitsani ntchito, koma taganizaninso. Ameni."

Za kapu ija sankazitchula m'pemphero. Ankazidumpha ngati mmene munthu amadumphira chithaphwi chimene akuchidziwa.

Ndiye linafika Loweruka lina masana. Bambo ake anali atateleka nyemba m'kapoto kaja, mwana ali kubafa. Pageti panagogoda mayi wina ndi nsapato yoduka lamba, bambowa n'kutuluka kukaona. Anachipande analowa kukhitchini kukatenga mpeni, mpeni basi. Koma kapoto kanali kosavundikira. Anasuzumira. Nyemba zikusambira m'madzi oyera ngati miyala mumtsinje, zopanda chilichonse, zomvetsa chisoni. Pambali panali tomato wawo wokazinga ndi adyo, wotsala pa ndiwo zawo.

Mutu unati ayi. Dzanja la zaka makumi awiri ndi ziwiri silinamve. Supuni imodzi ya tomato, kamchere pang'ono, kutakasa kawiri, n'kutuluka. Mumtima ankati, alaweko kamodzi kokha, thupi lake likumbuke.

Patebulo mwana anatapa supuni imodzi, anatafuna, n'kuima.

"Bambo, izi mwaphika ndinu?"

"Ndine."

"Zikukoma."

Mawu amene mayi ake anawadikira zaka ziwiri anafika, koma anafika ngati mlandu. Bambowo anayang'ana m'mbale, anayang'ana mkazi wawo amene anali pakhomo akupukuta mpeni wouma kale.

"Ndinatuluka pang'ono kukaona kasitomala pageti," anatero. "Zimene zinachitika nditatuluka sindinazione."

Mwanayo sanayang'ane mayi ake. Anayang'ana bambo ake, ndi maso aja, maso a pa kapu. Anadzuka, anakalavula kusinki, anachukucha m'kamwa katatu n'kulowa kuchipinda.

Tinene zoona, popeza bodza ndi limene linayambitsa zonsezi. Kwa kamphindi kakang'ono, mtima wa Anachipande unati, eya, mulaweko nanunso kuyang'anidwa choncho. Kamphindi kokha. Kenako anamva phokoso la bedi likukokedwa pasimenti.

Loweruka limenelo mwanayo sanadye. Lamlungu anangodya buledi wa m'pepala amene anakagula yekha. Lolemba sanapite kuntchito, ndipo atatsegula chitseko popita kubafa, mayi ake anaona thawulo lili pagalasi. Mlatho unali umodzi wokha m'nyumbamo, woipa maonekedwe, wonunkha zopserera, koma mwana ankawolokerapo kubwera kwa anthu. Iwo anali atauthyola ndi supuni imodzi ya tomato.

Ataweruka Lolembalo Anachipande sanapite kunyumba. Anatsika pasiteji n'kupita kukhonde la sitolo ya zitsulo. Mwamuna wawo anali atapanira nsapato ya sukulu pakati pa mawondo, akukoka ulusi. Kampando ka mwana kanali pambali, rula ili pamwamba.

"Mwabwera kudzathira adyo m'nsapato?" anafunsa osadzutsa mutu.

Anachipande anakhala pa kampandoko.

"Nyemba zija zinali zomvetsa chisoni," anatero potsiriza.

"Ndikudziwa. Mukuganiza amadya zanga chifukwa chokoma? Ngakhale ine mpunga wanga umandivuta kumeza."

"Nanga amadyeranji?"

"Amadziwa zimene zili m'katimo. Madzi, mchere ndi kulephera kwanga. Palibenso china."

Basi inaima, anthu anatsika, ina inanyamuka. Bambowo anadula ulusi, anapaka guluu, ndipo tsiku limenelo anatha mawu a mwezi wathunthu.

"Ali ndi kope. Nesi uja mumadana nayeyu ndi amene anamuphunzitsa. Tsamba lililonse analigawa pakati ndi rula. Mbali iyi analemba kuti Zinachitikadi, mbali iyo Anali Matenda. Akakumbukira kanthu ka nthawi ija amandifunsa pano tikusoka. Bambo, wailesi inanditchuladi? Ayi. Amalemba uko. Bambo, ndinakukankhanidi pakhomo? Inde, unandikankha. Amalemba kuno. Kope latsala pang'ono kudzaza. Chinthu chimodzi chokha chilibe mbali. Anachilemba pamzere penipeni."

Bambowo anaika nsapato ija pansi n'kupitiriza.

"Wandifunsa kasanu za ufa wa m'kapu. Ine ndimati, funsa amako. Munandilumbiritsa, sindinanene. Koma kumuuza kuti anali matenda, zimenezo sindingathe. Iye anaona ndi maso, anagwira ndi chala, analawa. Ndiye mayi ake, amene sanamunamizepo chibadwire, anatchula Mulungu kuti palibe. Akhulupirire chala chake kapena mayi ake? Akasankha chala, alibe mayi. Akasankha mayi, mutu wake ndi wonama mpaka pa zinthu zogwirika. Ndiye anangoima pakati."

"Ndinkamupatsa mankhwala. Sindinkamupha."

"Kamuuzeni zimenezo."

"Adzandida mpaka kumanda."

"Panopa mukudyera mbale imodzi?"

Mayiwa anatenga rula ija n'kumaitembenuza m'manja. Zaka ziwiri zonsezi ankati mwamunayu wawabera mwana. Chonsecho iye ankangowasungira malo, atanyamula bodza la eni ake m'khosi pamodzi ndi kiyi.

"Ndiye simukanandiuza kale?"

"Ndinayamba kawiri. Ulendo woyamba munati ndikwatire nesi. Wachiwiri munati dzira langa ndi soli."

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Anachipande sanavule n'komwe nsapato. Anatsegula kabati, anatenga supuni ija, yopindika pang'ono pachigwiriro, imene anali asanaigwiritsenso ntchito chichitikire zija, n'kukakhala pansi pakhomo la chipinda cha mwana. Mwamuna wawo anaima chapatali, atatsamira khoma.

"Bambo ake," anayamba, "tamuuzeni mwana wanuyu kuti..."

"Ayi," anatero bambowo. "Positi ofesi yatsekedwa."

Ndiye analankhula ndi chitseko.

"Bambo, ndine. Usatsegule ngati sukufuna. Ufa uja unauona m'kapu unalipo. Sunali mkaka. Linali piritsi lako la kuchipatala, ndinkaliphwanya ndi supuni iyi ndili nayo apayi. Ndinkaopa kuti ubwerera kumene unachokera. Utandifunsa ndinachita mantha, ndinanama, ndinatchulanso Mulungu. Iye ndikambirana naye pandekha. Koma iwe unaona zoona. Amene ananama ndine."

Panja ana a aneba ankamenya mpira pampanda. Kenako bedi linalira pasimenti, chitseko chinatseguka pang'ono. Mwanayo anali ataonda m'masiku atatu okhawo, ndevu zitamera, kope lili m'manja. Sanawayang'ane kumaso. Anayang'ana supuni.

"Masiku angati?"

Anali akufunsa iwo. Osadzera kwa wina aliyense.

"Khumi. Unazindikira tsiku lakhumi."

"Limodzi patsiku?"

"Limodzi. Monga analembera adokotala."

"Palibe china?"

"Shuga masupuni atatu ndi mkaka."

Anatsegula kope, anafufuta chinachake pakati pa tsamba, analemba kumanzere, ku Zinachitikadi, pang'onopang'ono, ndi zilembo zake zija za pabolodi.

"Zaka ziwiri," anatero, akuyang'ana chala chake chamkombaphala, "ndakhala ndikuganiza kuti mwina ngakhale ichi chimanama."

Apa Anachipande anafuna kulira mokuwa, kumugwira miyendo, koma anadziwa kuti misozi imeneyo ikhala katundu wina womusenzetsa. Anangoluma mlomo.

"Nanga nyemba?"

"Tomato, adyo, mchere. Bambo ako sankadziwa kanthu."

"Chifukwa chiyani?"

"Nsanje."

Apo ndiye anadzutsa maso. "Nsanje ndi ndani?"

"Ndi awo aimawo."

Mwanayo anayang'ana bambo ake, dazi, malaya a guluu, kiyi m'khosi. Anayang'ananso kope, ngati akufuna poika.

"Imeneyo lemba ku Matenda," anatero bambowo.

Mlomo wa mwanayo unagwedera mbali imodzi. Sikunali kuseka, koma kunali m'bale wake wa kuseka. Anatseka chitseko. Bedi silinakokedwe.

M'mawa mwake anadya dzira la bambo ake. Lachinayi anabwerera kukhonde. Thawulo linakhala pagalasi mlungu wina wathunthu, ndipo tsiku la jakisoni anamufotokozera nesi zonse, mayi ake ali pomwepo, akuyang'ana pansi. Nesiyo sanawakalipire. Anangoti mankhwala sabisidwa m'chakudya, akavuta muzibwera msanga osadikira tsiku, ndipo anawagwira phewa. Anachipande anapeza kuti n'zovuta kudana ndi munthu amene wakugwira phewa, koma anayesetsabe.

Kenako palibe chinachitika. Mlungu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Bokosi linali pashelefu pomwepo, loko ali pomwepo. Mawu oti akazi anu anasowa, koma m'malo mwake simunabwere kanthu. Kusitolo ya kantini mayiwa anauza Mulungu za kapu ija, zonse, mpaka za dzina Lake limene analigwiritsa ntchito molakwika. Anamaliza ndi kunena kuti, "Ndalapa, koma musaganize kuti nsanje yatha. Dzulo amasekanso."

Lamlungu lina m'mawa, akusita diresi la kutchalitchi, anaona mthunzi pakhomo la khitchini. Mwana anaima pamenepo atagwira tambula yagalasi, yatsopano, pepala la mtengo likadali pansi pake. Bambo ake anali kumbuyo, akumanga lamba.

"Bambo, auzeni..." Anaima. Anaika tambulayo patebulo n'kuikankhira kutsogolo ndi chala chimodzi. "Tiyi. Koma ndizionerera."

Anachipande anazimitsa simbi. Anatsuka ketulo iye akuona. Anatsegula mpopi.

"Awa ndi madzi," anatero.

Sanadziwe chifukwa chake ananena mokweza, koma mwanayo anagwedeza mutu, ndiye anapitiriza. Bambo ake anavula chingwe m'khosi, anatsegula bokosi, n'kubwerera pambuyo.

"Awa ndi masamba, supuni imodzi. Uyu ndi shuga. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Mkaka?"

"Wopanda mkaka."

"Wopanda mkaka."

Anatakasa, n'kuchotsa manja awo onse awiri patebulo. Mwanayo ananyamula tambula, anaiyang'ana cha kuwindo, kuwala kukudutsa mu tiyi mpaka pansi. Anapemerera. Anamwa pang'ono, anadikira, ngati munthu amene akumvetsera ngati kuseri kwa khutu kuli wonena kanthu. Anamwanso. Anamwa mpaka theka, n'kukwinya nkhope.

"Shuga wachuluka, amayi. Anesi anati ndichepetse."

Anatero akuyang'ana mu tambula, mwina osadziwa n'komwe chimene chatuluka. Anachipande anatembenuka msanga n'kuyamba kupukuta sinki youma. Mawu amenewa ali ngati mbalame yotera pawindo, ukaiyang'anitsitsa imauluka.

"Mawa ziwiri," anatero ndi mawu a kukantini.

Anamaliza tiyi yense, anayang'ana pansi pa tambula, anaitsuka yekha n'kuiika m'bokosi.

"Wanga amasiya theka," anadandaula bambo ake ali pakhomo.

"Wanu mumawiritsa ngati mukufuna kudayira nsapato," anatero mwanayo.

"Ee? Lero ndi lero? Zaka ziwiri ukumwa osadandaula!"

"Panalibe kochitira."

Ndipo anaseka, onse awiri, koma ulendo uno mayi anali m'khitchini momwemo, osati pabalaza.

Mpaka pano ndi tiyi yekha. M'mawa uliwonse, m'tambula yagalasi, iye ataima pomwepo, iwo akutchula chilichonse chimene akuthira. Tsiku limene mawu aja akwera, tambula situluka m'bokosi, ndipo iwo aphunzira kusafunsa. Chizolowezi chotchulacho chawalowerera mpaka kuntchito. Mnzawo wotsuka mapoto anawapeza tsiku lina ataima pa mphika waukulu akunena kuti, "Uwu ndi mchere, awa ndi mafuta."

"Anachipande, mukuuza ndani? Mphikawo uli ndi makutu?"

"Tsuka mapoto iwe, za makutu uzisiye."

Chakudya chamadzulo chikadali cha bambo ake. Kiyi akadali m'khosi mwawo. Anachipande amakhalabe pabalaza ndi Baibulo pamiyendo, fungo la mpunga wopserera likuwapeza pomwepo, mphuno ikuwawa, dzanja likuyabwa. Amalikhalira dzanjalo, kulipanikiza ndi ntchafu kuti lisapite kokha. Ndipo anthu akatha kudya kukantini, amalowa kusitolo kuja, amagwada pakati pa matumba n'kunena kuti:

"Ambuye, tiyi ndalandira, dzina ndalandira, sindine wosayamika. Koma mpunga uja mwauona Inu nomwe. Mwana wa munthu sangakhale moyo wonse akudya zimene zija. Sindikukufulumizitsani ayi. Ndikungoti musaiwale."